Tifunseni Tikuyankheni: Duwa lapakhonde lija ndi khansa ya m'magazi

Mwezi uno mauthenga ambiri amene afika patsamba lino akuzungulira pa nkhani imodzi, ya zitsamba ndi khansa ya m'magazi, kaya pali chimene chikuyenda m'magulupu a WhatsApp kaya. Ndatolapo anayi. Loyambali ndilitalikitsa dala chifukwa pali mwana amene ali pabedi pompano.

FUNSO: Zikomo alembi. Ine ndine gadiyani wa mwana wa mng'ono wanga, ndingoti mwana wanga yemwe, ali ndi zaka 6. Anamupeza ndi khansa ya m'magazi mwezi wathawu atavutika ndi malungo osamva mankhwala, magazi kumangotha, kamfuno pafupipafupi. Sabata iliyonse akumubaya mankhwala ena pamtsempha dzina lake vincristine. Nde mayi wina mu wodi momwemo wandiuza kuti mankhwalawa amachokera ku maluwa aja timadzala pakhomo, apinki ndi oyera aja, akuti bola tikatuluka ndizingothyola masamba nkuwiritsa mwana azimwa kunyumba kusiyana nkumavutika ndi transipoti. Kodi ndi zoona? Nanga duwa lingaphe bwanji khansa? Ndine mayi wa ku Machinjiri.

YANKHO: Mayi, pepani kwambiri ndi matendawa, ugadiyani wa mu wodi ya ana si masewera, kugona pansi pambali pa bedi, kupikisana pamoto kukhitchini ya magadiyani, ndalama kumangotuluka. Anzanuwo theka anena zoona, theka linalo ndi loopsa, moti ndiyambe nkukupemphani kuti masamba amenewo asafike mkamwa mwa mwana olo kamodzi, ndipo tsiku la jekeseni musalidumphe.

Vincristine amachokeradi ku duwa limenelo. Azungu amati Madagascar periwinkle, a sayansi amati Catharanthus roseus, kwawo kwenikweni ndi ku Madagascar koma linafalikira kulikonse kotentha. Kwa azakhali anga linamera lokha m'mphepete mwa khonde pamene amatayira madzi otsukira mbale, timaluwa ta mapiko asanu, tina tapinki tina toyera ndi kadiso kofiira pakati, masamba onyezimira ngati awadzoza mafuta. Chilimwe chonse zina zitauma ilo lili gwa, ndipo mbuzi zawo zimangonunkhiza nkupitirira. Mbuzi sizopusa. Chomerachi chimapanga mankhwala owawa a mitundu yoposa 100 kuti tizilombo ndi ziweto zisachidye, sichinapangire ife ayi, ndipo vincristine ndi mmodzi chabe mwa amenewo, wochepetsetsanso.

Mmene anamutulukira ndi nkhani yoseketsa pang'ono poti sankasaka za khansa nkomwe. Ku Jamaica anthu ankawiritsa masambawa nkumamwa ngati tiyi, ati amatsitsa shuga. Mu 1952 masamba ochepa anatumizidwa mu envelopu ku Canada ndipo anakathera m'manja mwa Robert Noble pa University of Western Ontario. Anayesa kumwetsa nyama za mu labu, shuga osatsika. Atabaya makoswe madzi a masambawo, makoswe aja anayamba kufa ndi matenda a mabakiteriya, powayeza magazi nkupeza kuti maselo oyera, asilikali a m'thupi aja, atha psiti ndipo mafuta a m'mafupa asiya kupanga ena. Wina akanangotaya nkuti zakanika. Koma iwo anati dikirani kaye, ngati chinthuchi chikutha maselo oyera chonchi, nanga bwanji matenda aja amene maselo oyera amachuluka mopenga? Charles Beer, katswiri wa kemisitiri amene ankagwira naye ntchito, anakhala zaka akusefa ndi kupatula mpaka mu 1958 anatulutsa vinblastine. Nthawi yomweyonso kampani ya Eli Lilly ku Indianapolis, Gordon Svoboda ndi anzake, inali pa duwa lomweli nkupeza m'bale wake vincristine, amene analoledwa m'zipatala za ku America mu 1963. Awiriwa pa kapangidwe amasiyana kachinthu kamodzi kakang'ono kwambiri koma ntchito zawo nzosiyana, vinblastine anatchuka pa khansa ya Hodgkin, vincristine ndiye wa khansa ya m'magazi ya ana, ndipo kuno kwathu ku Queens ndi ku Kamuzu Central amabayanso ana a Burkitt ija yotupitsa nsagwada komanso a chotupa cha impso chotchedwa Wilms.

Tsopano mmene amaphera. Magazi amapangidwa m'mafuta a m'mafupa, muja timayamwa tikamamaliza fupa la ng'ombe. Mwa mwana wanu selo limodzi limene limayenera kukula nkukhala msilikali linasokonekera lili lakhanda, kukhwima linakana koma kuberekana kokha osaleka, awiri, anayi, asanu ndi atatu, mpaka m'mafupa monse tho. Nchifukwa chake magazi amatha poti opanga maselo ofiira asowa pokhala, kamfuno poti timaselo toumitsa magazi tachepa, ndi thupi kumangotentha poti asilikali alipo ambiri koma onse ndi makanda osadziwa nkhondo. Ndinaonapo kadontho ka magazi otere pa maikulosikopu. Magazi abwinobwino mumaona ofiira mbwee, loyera limodzi apa lina uko mpaka kulisaka. Apa panali timipira ta mtundu wa pepo tothinana ngati nyemba m'thumba, tonse nkhope imodzi, ndinangochotsa diso nkukhala kaye chete.

Selo likafuna kugawikana pawiri limayamba lakopera malangizo ake onse, DNA ija, imene imamangidwa m'mitolo 46 yotchedwa ma chromosome. Likakopera, mtolo uliwonse umakhala ndi mnzake wofanana nawo ndendende, nde pamafunika kukoka, wina apite uku wina uko, kuti ana awiri obadwawo aliyense atenge 46 yake yokwana. Zokokera zake ndi timaulusi timene selo limaluka nthawi yomweyo kuchokera mbali ziwiri, ndipo ulusi uliwonse umatalika polumikiza tizidutswa ta puloteni yotchedwa tubulin, kamodzikamodzi kunsonga, ngati mmene mumatungira mikanda. Vincristine amakakamira pa tubulin ameneyu. Akakhala kunsonga kwa ulusi mkanda wotsatira sulowanso bwino, ulusi umaleka kutalika ndi kufupika mmene umafunikira posaka mtolo wake, ndipo mankhwala akachuluka umangoyoyoka. Mitolo ija imangokhala balala popanda woikoka.

Apa nde pagona nkhani. Selo lili ndi lamulo lake lakuti silingagawikane mpaka mtolo uliwonse utagwidwa ndi ulusi mbali zonse ziwiri. Zili ngati minibasi ya mu depoti ku Limbe, kondakitala wanenetsa kuti sitinyamuka mpaka mpando uliwonse ukhale ndi munthu, pamene dalaivala injini wayatsa kale ikungolira. Masiku onse kudikira kumeneku sikutha ndi ola lomwe. Koma vincristine akalowa mipando siidzadza, ola latha, maola asanu, khumi, injini ikulirabe, mafuta akutsika. Mafuta amenewa mu selo ndi puloteni ina yotchedwa MCL-1 imene ntchito yake ndi kuletsa selo kudzipha, iyo simakhalitsa, ndipo selo likakhala chiimire chonchi imangothera kutha osabwezeretsedwa mokwanira. Ikatsika kufika pena pake basi selo limayamba kudziphwasula lokha. Kunena mwatchutchutchu, duwa silidula khansa ngati chikwanje, limangotseka njira mpaka selo lidziweruza lokha. Za kudziphazo muwerenge yankho la mnyamata wa Fomu 4 m'munsimu.

Nanga bwanji osangowiritsa? Kuti apeze galamu imodzi ya vinblastine pamafunika masamba ouma pafupifupi makilogalamu 500, kulemera kwa matumba khumi a chimanga, ndipo vincristine ndi wochepa kuposa pamenepo. Ndiye mumpoto wanu mudzakhala chiyani? Mudzakhala enawo oposa 100 aja amene sitikuwafuna, ena otsitsa BP, osadziwika mlingo, akulowa m'thupi la mwana amene chiwindi chake chili kale pa ntchito yosefa kemo, mankhwala a khansa aja. Komanso vincristine wakumwa salowa bwino m'magazi kuchokera m'matumbo, nchifukwa chake amabaya pamtsempha basi. Mlingo wake amauwerengera kuchokera pa kulemera ndi kutalika kwa mwana, paja mumaona amamukweza pa sikelo nthawi zonse, ndipo olo munthu wamkulu kawirikawiri sapyola mamiligalamu 2 pa jekeseni imodzi. Sabata ino tayang'anitsitsani sirinji ija anesi akamakoka, timadzi toyera mbee ngati ta pampopi, tosadzadza ndi supuni ya tiyi yomwe. Kuchepetsa pang'ono khansa siimva, kupyoza pang'ono mitsempha ya mwana imaonongeka. Mlingo wotere sungayezedwe ndi kapu ya pulasitiki.

Chinanso, vincristine sayenda yekha. Tsiku limene wabayidwa amagwira kwambiri maselo amene akugawikana nthawi imeneyo, ena amakhala ali phee akupuma, nchifukwa chake poyamba amabwereza sabata ndi sabata ndipo amaphatikiza ndi ma steroid otchedwa prednisolone kapena dexamethasone, komanso methotrexate, mercaptopurine ndi ena, aliyense kutsekera khomo lake, kwa zaka ziwiri kapena kupitirira. Pakatha mwezi woyamba mwana amadzuka, kudya kwambiri, masaya kutupa ndi ma steroid, kuyamba kuthamanga ndi anzake, ndipo apa ndi pamene mabanja ambiri amaganiza kuti wachira nkusiya. Maselo otsala ochepa aja ndi amene amabwerera, ndipo akabwerera amakhala ouma mutu. Cha m'ma 1960 mwana wa khansa imeneyi wopulumuka sankakwana mmodzi pa khumi aliwonse, lero m'mayiko olemera amachira pafupifupi 9 pa 10. Kumayiko osauka chiwerengero chili pansi kwambiri, ndipo zifukwa zazikulu ndi kufika mochedwa, matenda ena olowa chitetezo chikatsika, ndi kusiyira panjira. Za transipoti musazisunge mumtima, auzeni asisita a mu wodi kapena adokotala mosabisa musanatuluke, amadziwa kuti vuto limeneli ndi limene limawalanda ana ambiri ndipo ngati pali thandizo ndi iwo angakulozereni.

FUNSO: Ndili Fomu 4. Aphunzitsi a Biology anatchula mawu akuti apoptosis nkunena kuti selo limadzipha lokha koma belu linalira asanafotokoze. Selo lilibe ubongo, lingaganize bwanji zodzipha? Mnyamata wa ku Mzimba.

YANKHO: Mphwanga, funso lako ndi labwino kuposa mafunso ambiri a akuluakulu. Selo siliganiza, koma limabadwa ndi zida zodziphwasulira zili kale mkati, zomangidwa, zikungodikira wozimasula. Mawuwa ndi a Chigiriki, amanena za kuyoyoka kwa masamba mumtengo, ngati mmene mlambe umachitira m'chilimwe, ndipo anawabweretsa mu sayansi ndi John Kerr, Andrew Wyllie ndi Alastair Currie ku Aberdeen mu 1972. Mchira wa mbululu umatha chonchi ikamasanduka chule. Iweyo uli m'mimba zala zako zinali zolumikizana ngati phazi la bakha, maselo apakati anadzipha kuti zala zipatukane. Pali kanyongolotsi kena kotalika milimita imodzi, Caenorhabditis elegans, kamene pokula kamapanga maselo 1090 ndipo 131 amafa, omwewomwewo nthawi zonse, ndipo Sydney Brenner, John Sulston ndi Robert Horvitz analandira Nobel mu 2002 chifukwa cha ntchito ya pa kanyongolotsi kameneka.

Mkati zimayenda chonchi. Selo lili ndi timbaula take topangira mphamvu, ma mitochondria munaphunzira aja. Pakhungu la timbaulati pali magulu awiri a mapuloteni amene amakhalira kukokana. Gulu lina, BAX ndi BAK, likangomasuka limaboola khungulo. Gulu linalo, BCL-2 ndi MCL-1 ndi abale awo, limawagwira manja kuti asaboole. Selo likakhala bwino ogwira manja ndi amene amapambana. Likavulala kwambiri, kaya DNA yaduka malo ambiri kaya laima nthawi yaitali pogawikana ngati minibasi ija, ogwira manja amachepa mphamvu, BAX ndi BAK amaboola, ndipo mumatuluka kapuloteni kotchedwa cytochrome c kamene masiku onse kamangothandiza kupanga mphamvu mkatimo. Kakangopezeka panja kamadzutsa caspase 9, iyeyo amadzutsa caspase 3 ndi anzake, ndipo amenewa ndi masizasi enieni, amadula mapuloteni mazanamazana. Selo limafota, DNA imadulidwa tizidutswa, khungu limachita matuza, kenako lonse limagawika timaphukusi tomangidwa bwino, panja pake nkuika chizindikiro choitana maselo akuluakulu odya zinyalala otchedwa ma macrophage kuti abwere adzatole. Zikayamba sizitenga maola ambiri.

Kusiyana kwake ndi kufa kwa ngozi, kumene amati necrosis, kuli ngati nyumba imene mwini wake wasasula yekha, malata wawunjika apa, njerwa apo, mitengo wamanga mtolo, ndi nyumba imene yagwa ndi mvula usiku nkuphwanyira ya aneba yomwe. Selo la necrosis limatupa nkuphulika, zamkati kumwazikira anzake, pamalopo nkutupa.

Khansa anthu amangoidziwa ngati maselo oberekana msanga, koma mbali ina ndi maselo okana kufa. Maselo ambiri a khansa ya m'magazi amapanga BCL-2 wochuluka, ogwira manja kuchuluka mpaka BAX osapuma. Mu 2016 ku America analoleza mankhwala otchedwa venetoclax amene ntchito yake ndi kumasula dzanja la BCL-2 basi, amenewo ndi opangidwa mu labu, si a chomera.

Zomera zina zimafika pa imfa yomweyi koma polowera pena. Etoposide anamupanga ku Switzerland posintha poizoni wa mu mizu ya mayapple, kachomera ka m'nkhalango za ku North America, ndipo analoledwa ku America mu 1983. Selo likamakopera DNA ulusi wake umapotana, nde pali puloteni yotchedwa topoisomerase II imene imadula, kumasula, nkulumikizanso. Etoposide amailola kudula koma kulumikiza ayi, mabala a pa DNA amachuluka mpaka mlonda wa selo wotchedwa p53 amaitana BAX. Chomvetsa chisoni nchakuti mabala omwewo mwa anthu ena ochepa amadzayambitsa khansa ina ya m'magazi patapita zaka. Wina ndi homoharringtonine wochokera ku mtengo wa Cephalotaxus, amene madokotala a ku China anayamba kumuyesa cha m'ma 1970 ndipo ku America analoledwa mu 2012 pa mtundu wina wa khansa ya m'magazi wotchedwa CML. Ameneyu amaimitsa makina opangira mapuloteni, nde mapuloteni osakhalitsa ngati MCL-1 uja ndi amene amayamba kutha. Ukakhoza mayeso nkupita ku koleji ya zaumoyo udzakumana nawo onsewa, uzidzawapatsa moni.

FUNSO: Bwana, ine ndili ku Johannesburg, bambo anga aang'ono kumudzi ali ndi khansa ya m'magazi. Pa Facebook pali anthu akugulitsa makapisozi a graviola ndi ufa wa chamwamba, amaika ndi zithunzi za kafukufuku wa ku yunivesite zosonyeza kuti zinapha maselo a leukemia mu labu. Mtengo wake ndi malipiro anga a sabata yathunthu koma ndingakwanitse. Ngati a sayansi omwe avomereza, vuto lili pati? Ndine m'bale wanu wa ku Joni.

YANKHO: Achimwene, ndalama ya ku Joni timaidziwa mmene imapezekera nde ndikuyankhani mosapsatira. Kafukufuku wotero alipodi wambiri, sikuti onse ndi wabodza, koma mawu oti mu labu muwamvetse bwino. Amatenga maselo a khansa amene akhala akuwaweta m'mabotolo kwa zaka zambiri, otchuka ndi HL-60 amene anachokera kwa mayi wina wa zaka 36 cha m'ma 1970, ndi Jurkat ochokera kwa mnyamata wa zaka 14 zaka zomwezo. Papita zaka zonsezi koma maselo akuberekanabe m'malabu dziko lonse. Amawaika m'kambale ka pulasitiki kokhala ndi timaenje 96, nkudonthezera madzi a tsamba, kudikira tsiku limodzi kapena awiri, nkuwerenga angati afa, caspase 3 wadzuka kapena ayi. Akafa amalemba lipoti kuti chomera chakuti chimayambitsa apoptosis, ndipo sananame.

Koma m'kambale muja mulibe mimba yogaya mankhwala, mulibe chiwindi chowaphwanya, mulibe impso zowataya mumkodzo, mulibenso mtima ndi ubongo zoti zivulale. Mutathira kachasu m'timaenje timeneto maselo afa onse, mchere wambiri chimodzimodzi, Jik ndiye osanena. Kupha selo m'kambale nkosavuta, chovuta ndi kupha la khansa nkusiya mwini wake ali moyo. Funso loyamba kufunsa lipoti lotere ndi lakuti anayesanso pa maselo abwinobwino a magazi? Lachiwiri, mlingo umene unapha m'kambalewo ungafike m'magazi a munthu atamwa? Nthawi zambiri kuti ufike munthu angafunike kudya masamba ochuluka moti mimba singalole. Lachitatu, anayesa pa anthu odwala, angati, nkuyerekeza ndi ena amene sanamwe?

Kuti muone kutalika kwa ulendowu, bungwe la National Cancer Institute ku America kuyambira 1960 mpaka cha mu 1982 linayesa madzi a zomera oposa 100,000, ambiri pa mbewa zokhala ndi khansa ya m'magazi. Zambiri zinaonetsa kakuti-kakuti. Zimene zinafika pokhala mankhwala a m'chipatala mungaziwerenge ndi zala, wotchuka ndi Taxol wa ku khungwa la mtengo wa Pacific yew. Komwe muliko ku South Africa kuli mtengo wa Combretum caffrum umene cha m'ma 1980 anapezamo combretastatin, wogwira tubulin ngati vincristine yemwe, m'kambale ndi wamphamvu zedi, koma ngakhale amuyesa pa anthu kwa zaka zambiri sanalowebe m'gulu la mankhwala a masiku onse a khansa.

Ine sindinyoza zitsamba, ndinganyoze bwanji pamene ndangotha tsamba lonse ndikutamanda duwa la pakhonde la azakhali? Amene ankamwa tiyi ku Jamaica aja ndi amene analozera a sayansi pa chomeracho, ngakhale matenda ake anali ena. Chamwamba ndi ndiwo yabwino, bambo aang'ono azidya ndi nsinjiro ngati akuchifuna, koma ngati ndiwo. Graviola ndiye samalani, palibe kafukufuku wa pa anthu amene anaonetsa kuti amachiza khansa, ndipo pa chilumba cha Guadeloupe madokotala anapeza matenda ofanana ndi Parkinson ochuluka mwa anthu okonda chipatso chake ndi tiyi wa masamba ake, akuloza chala mankhwala a momwemo otchedwa annonacin amene amaononga maselo a ubongo. Ndipo wogulitsa amene akukuonetsani chithunzi cha kambale osakuonetsani odwala amene anayesedwa, akudziwa chimene akuchita. Inenso ndinagulapo botolo lotere nthawi imene malume anga ankadwala, pa lebulo panalibe ndi mlingo womwe, wogulitsa nditamuimbira kachiwiri foni inali yozimitsa.

Simunanene mtundu wa khansa ya bambo aang'onowo. Afunseni dzina lake lenileni lili m'kabuku ka kuchipatala, chifukwa ngati ndi CML pali mapilisi akumwa tsiku ndi tsiku otchedwa imatinib amene anthu amakhala nawo zaka zambirimbiri akulima ndi kuyenda. Ndalama yanuyo ikagwire ya minibasi yopita kukliniki ndi ya chakudya.

FUNSO: Mwana wanga wamkazi chiyambireni vincristine akudandaula nsagwada, masiku atatu osapita kuchimbudzi, ndipo akuyenda mokoka phazi. Komanso sabata yoyamba anamuika madripi a madzi ambirimbiri osatiuza chifukwa. Kodi mankhwalawa sakumuonjezera matenda? Bambo wa ku Area 25.

YANKHO: Bambo, zimene mwaonazo zimadziwika ndipo mwachita bwino kuzisunga m'mutu, koma musadikire tsiku la kliniki, kawauzeni adokotala ake lero kapena mawa. Timaulusi ta tubulin tija si ta kugawikana kokha, m'mitsempha ya uthenga ndi timene timakhala ngati njanji yonyamulira katundu kuchokera kumsana kukafika kuchala cha phazi. Vincristine akasokoneza njanjiyo mitsempha yaitali ndi imene imayamba kumva, nde dzanzi m'zala, phazi kugwa, nsagwada kuwawa, ndi matumbo kuchita ulesi poti nawonso amayendetsedwa ndi mitsempha. Adokotala amatha kuchepetsa mlingo kapena kudumphitsa jekeseni imodzi, nkupereka mankhwala ofewetsa chimbudzi, ndipo mwa ana ambiri zimabwerera pang'onopang'ono. Koma zimenezo asankhe ndi iwo. Muwauzenso chilichonse chimene mwana akumwa pambali, cha kufamase kaya cha kwa agogo, chifukwa mankhwala ena, monga itraconazole wa mafangasi, amachedwetsa chiwindi kuchotsa vincristine ndipo dzanzi limakula. Mimba ikatupa nkuuma kapena akayamba kusanza, kapena thupi likatentha, umenewo ndi ulendo wa usiku womwewo. Pobaya napo muziyang'ana, akalira kuti pakuotcha kapena pakatupa pamene pali kanula nenani pompo, mankhwalawa akatayikira kunja kwa mtsempha amapsereza mnofu.

Za madripi, anayenera kukufotokozerani. Sabata yoyamba maselo a khansa amafa ambirimbiri nthawi imodzi moti otola zinyalala aja amalephera kutola onse, nde zamkati mwake, potaziyamu, fosifeti ndi uric acid, zimakhuthukira m'magazi. Potaziyamu akachuluka amasokoneza kagundidwe ka mtima, uric acid amaundana m'timipita ta impso nkutseka. Madzi aja ndi otsukira impso, ndipo kawirikawiri amaperekanso kapilisi ka allopurinol koletsa uric acid kupangika. Nchifukwa chakenso anesi ankakufunsani pafupipafupi kuti mwana wakodza kangati.

Tsitsi likathothoka lidzamera, limenelo lisakusowetseni tulo. Phazilo ndiye mulionetse, ndipo mukapita mutenge nsapato zimene amavala masiku onse kuti a fizio aone mmene zikuthera kunsonga.